Dikira Udzudzu Ukhute

Mabotolo a perefyumu anali ndandanda pashelefu, ena ofiira, ena agolide, onse akuphethira ndi dzuwa la m'mawa, koma Kafungo sankafuna n'kuwayang'ana komwe. Mafungo omwewo amene kale ankamulotetsa za diresi loyera ndi maluwa, masiku ano ankangomudzutsira mseru. Kasitomala akati, "Tandipoperani kameneko padzanja ndimve," iye ankapopera nkhope ili kukhoma, mpweya ataugwira.

Dzina loti Kafungo anamupatsa ndi Pulofesa. Inde, Pulofesa yemwe uja wa pakanema, katswiri wa udzudzu amene anakalandira mphotho kunja, amene ana asukulu amadula chithunzi chake m'nyuzi n'kumata kuchipinda. Tsiku loyamba analowa m'sitolomo kudzafuna sopo wopanda fungo. Wopanda fungo, m'sitolo ya mafungo! Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira kauntala. Koma bamboyo, ndi ulemu wake uja, anafotokoza kuti kuntchito amaweta udzudzu m'makola a ukonde, ndipo amaudyetsa ndi mkono wake weniweni. Mkono ukanunkhira, udzudzu umanyanyala.

"Ndiye kuti inuyo ndinu chakudya?"

"Lero ine, mawa mnzanga a Dokotala. Timasinthana kuti mikono izipuma. Ndi ana anga amene aja, ndilibe ena."

"Nanga ine nditati ndiwadyetseko?"

"Aliyense angathe, ndi udzudzu wopanda matenda. Koma timayamba tafunsa. Wodwala ayi, amene akumwa mankhwala ayi, woyembekezera ayi. Lamulo ndi lamulo."

Anatuluka wopanda sopo, koma ndi nambala ya foni. Kuyambira pamenepo Kafungo anaphunzira kukonda munthu wosafuna fungo. Akati akaonane naye ankasamba kawiri, n'kuvala diresi limene ankalisunga palokha m'pepala la pulasitiki. Atsikana anzake ankamuseka kuti wagulitsa mphuno chifukwa cha mwamuna. Iye analibe nazo ntchito. Pulofesa anali atalonjeza, atamugwira manja onse awiri, kuti Loweruka likubwerali, paphwando limene yunivesite inakonza lomulemekeza, adzamuimika pambali pake n'kuuza dziko lonse kuti mkazi amene akumukwatira ndi uyu.

Anatenga foni pansi pa kauntala n'kulemba.

"Ndikufuna tionane lero. Ndili ndi nkhani yosanenera pafoni."

Anadikira. Anapukuta mabotolo opukutapukuta kale. Foni inanjenjemera makasitomala angapo atadutsa.

"Lero ayi, Kafungo wanga. Ana sanadye."

"Si dzulo lomweli munadyetsa inu? Lero ndi tsiku la a Dokotala."

"Masiku ano ndikudyetsa ndekha. Ndidzakufotokozera."

Ndidzakufotokozera. Liwu limeneli anali atatopa nalo. Analimva pamene nyuzi inatulutsa chithunzi cha kunja kuja, dzanja la a Dokotala lili phee paphewa la Pulofesa. Analimvanso tsiku limene a Dokotala omwewo, mayi wa magalasi aakulu ndi mawu ofewa ngati thonje, anamupatsa moni woti, "Oo, ndinu mayi wa sopo uja?"

*

Belu la pachitseko linalira. Kafungo anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa. Amene analowa anali amayi ake a Pulofesa, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wamtali, tsitsi loyera lopesedwa bwino. Ankabwera kudzagula perefyumu, koma Kafungo anachezapo nawo kamodzi kokha, ndipo anamufunsa funso limodzi lokha: sukulu unalekezera pati?

"Takulandirani, amayi. Muli bwanji?"

"Ndili bwino. Ndabwera kudzagula, sindinabwere kudzacheza."

"Chabwino, amayi. Ndikupatseni perefyumu uja mumakonda, wa botolo lobiriwira?"

"Ndikufuna paudala wa mwana wakhanda. Ndi mafuta ake. Zabwino, osati zotulutsa nsungu."

Kafungo anatsitsa zinthuzo pashelefu chimodzichimodzi, akuopa kuti zimupulumuka.

"Kunyumba kwabwera mwana, amayi?"

"Ali m'njira." Ndipo nkhope youma ija inasungunuka. Anamwetulira, kumwetulira kwenikweni, kofika mpaka m'maso. "Ndadikira mdzukulu mpaka tsitsi lonseli kuyera."

Adziwa! Mtima wa Kafungo unalumpha ngati ukufuna kutulukira pakamwa. Adziwa, ndipo sanakwiye! Anafuna kuzungulira kauntala, kuwagwera m'miyendo, kulira pachifuwa pawo. Anakulunga katunduyo m'pepala lokongola kuposa onse, namanga kariboni, akuphethira kuti misozi isagwe.

Mayiwo analandira phukusilo, naliika m'chikwama mosamala. Ali pachitseko anatembenuka.

"Za Loweruka zija, mwanawe, usavutike n'kusoketsa diresi. Kumakhala anthu ophunzira kumene kuja. Amayankhula zinthu zoti iwe ungangosinza nazo."

Belu linaliranso. Kafungo anatsala ali chiimire, kumwetulira kutamuumira pamilomo.

*

Achemwali ake a Kafungo anali ndi kasaluni kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi. Anawapeza akusesa tsitsi, kasitomala womaliza atangotuluka, m'chipindamo mukununkha mankhwala owongolera tsitsi. Kafungo anakhala pakhomo, mphuno panja.

"Ndiye a Udzudzu wawauza?" anafunsa achemwaliwo.

"Atanganidwa."

"Atanganidwa! Mwamuna wa akazi zikwizikwi, onse oyamwa magazi. Si iwe unandiuza kuti oluma aja ndi aakazi okhaokha? Pamitala imeneyo, mng'ono wanga, iwe uli nambala chani?"

"Achemwali inu, musandiseketse, ndisanza."

"Sanza, bola panja. Ine ndinakuuza kuti upeze wa kalipentala, wobwera kunyumba akununkha matabwa. Iwe ayi, ndikufuna wa pakanema. Taona tsopano, chibwenzi cha pafoni, mimba ya m'thupi."

Kafungo anawafotokozera za paudala, za kumwetulira kuja, za mdzukulu amene ali m'njira. Ankayankhula mofulumira, ngati munthu amene akuopa kuti akapuma nkhaniyo isintha.

Tsache linaima.

"Za mimbayi wauza ndani?"

"Inu nokha."

"Ine sindinauze ngakhale galasi ili. Nanga iwowo amva kwa yani?"

"Kaya. Mwina andiona nkhope. Azimayi akuluakulu amadziwa."

"Analowa m'sitolomo atadziwa kale chogula, asanakuone n'komwe."

"Mwinatu ndi mdzukulu wa mwana wawo wina."

"Wina uti? Si iwe unkavina muno kuti ndi yekhayo m'mimba mwa mayi ake, sudzavutika ndi alamu?"

Kunja mwana wa oyandikana nawo ankakokera chigalimoto cha waya pamiyala. Kafungo anachiyang'anitsitsa mpaka chinakhota. M'mutu mwake munali mawu a Pulofesa a tsiku loyamba lija, ndi ena a pafoni a m'mawa uja, ndipo awiriwa ankafuna kugwirana manja. Masiku ano ndikudyetsa ndekha. Wodwala ayi, amene akumwa mankhwala ayi. Analekezera pomwepo. A Dokotala akudwala, basi. Chimfine chili ponseponse mwezi uno.

"Iwe, ndikuyankhula nawe."

"Mawa ndipita konko."

"Kulabotale? Si anakuletsa?"

"Anandiletsa fungo, sanandiletse ine."

Achemwali anatsamira tsache, namuyang'ana nthawi yaitali. Nthabwala zinali zitawathera.

"Ndikuperekeze?"

"Ayi. Inu mukalowa ndi fungo lanulo udzudzu wonse ukomoka."

Palibe anaseka.

*

M'mawa mwake Kafungo anasamba mpaka khungu kuwawa. Sanadzole kanthu, ngakhale pamilomo. M'basi anakhala kuwindo kuti perefyumu wa anthu asamukakamire, ndipo njira yonse ankayeseza mawu. Ndili ndi mimba yanu. Ayi, zouma kwambiri. Mukhala bambo. Ayi, za m'mafilimu. Ana anu aja apeza mng'ono wawo. Amenewa anawakonda. Anaona m'maganizo Pulofesa akuvula magalasi, akuseka ndi misozi, akumunyamula n'kumuzunguza pakati pa makola.

Mlonda wa pageti anamulozera khonde lalitali la matailosi oyera. Kumapeto kwake kunali benchi, ndipo pabenchipo panali amayi ake a Pulofesa, dengu la zipatso lili pamiyendo. Perefyumu wa botolo lobiriwira uja ndi amene anawaletsa kulowa m'kati.

"Iwe, wadzatani kuno?"

"Muli bwanji, amayi," anatero Kafungo, n'kukankha chitseko cha ukonde osadikira yankho.

M'katimo munali motentha ndi mwachinyezi ngati m'bafa. Makola a ukonde woyera anali mizeremizere mpaka kudenga, ndipo m'chipinda monse munali kulira kopyapyala kosalekeza, kolowa mpaka m'mano. Pakati penipeni panali Pulofesa, atakhala pakampando, mkono uliwonse uli m'khola lakelake mpaka m'chigongono. Udzudzu unali utaphimba khungu, bii, mimba zake zikufiira pang'onopang'ono. Pamwamba pa zigongono, pamene panali poonekera, panali potupa, zilonda zakale ndi zatsopano zitasanjikizana.

"Kafungo!" Anadzidzimuka, koma phewa lokha ndi limene linagwedezeka. Mikono sinasunthe. "Walowa bwanji? Sunadzole kanthu?"

Limenelo ndiye linali funso lake loyamba.

"Sindinadzole. Mikono yanu, Pulofesa. Mayo ine, mikono yanu yatani?"

"Ipola. Tayankhula motsitsa."

"Oo, kwabwera alendo." A Dokotala anatulukira kuseri kwa makola atavala chovala choyera chosamanga mabatani. Manja a chovalacho anali opinda, ndipo mikono yawo inali yosalala ngati ya mwana, popanda ndi kachiphuphu komwe. "Mayi wa sopo. Mwatibweretsera chiyani lero?"

"Sindinabwerere inu."

"Pepani. Ndimangoti mwina mwamva chisoni. Taonani mmene avutikira bambowa, tsiku ndi tsiku okhaokha. Ena timawamvera chisoni ndi ntchito, ena ndi mauthenga a pafoni."

"Dokotala, chonde," anatero Pulofesa.

"Ayi, ndikungonena. Khola ilo apo silinadye. Chikondi cha pakamwa ndi chophweka, mkono ndiye umavuta."

Chitseko cha ukonde chinali chitatsegulidwa pang'ono, ndipo amayi aja anali ataima pamenepo, akumvetsera.

"Musamuvutitse, Dokotala," anatero. "Khungu lozolowera mafuta limenelo. Angalire."

Mawu onse amene Kafungo anayeseza m'basi anabalalika. Anaona nkhope ziwiri zikumuseka, ndi yachitatu itawerama. Anapinda dzanja la diresi lake mpaka m'phewa, napita pakhola lija.

"Mumalowetsera pati?"

"Kafungo, siya zimenezo."

"Ndati mumalowetsera pati? Apa?" Anagwira mfundo ya nsalu imene inatseka pakhomo pa kholalo, nayamba kumasula. Udzudzu wa m'katimo unamva kutentha kwa thupi lake, unadzuka wonse n'kuunjikana kuukonde.

Pulofesa anapumira m'mwamba. Munthu uyu akanatha kuiwala tsiku lake lobadwa, akanatha kuiwala kudya, koma lamulo la m'chipinda muno sakanaliiwala. Anafunsa maso ali pamikono yake, ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati kondakitala wofunsa kumene munthu atsikire.

"Chabwino. Sukudwala?"

"Ayi."

"Sukumwa mankhwala alionse?"

"Ayi."

"Suli woyembekezera?"

Zala za Kafungo zinaima pamfundo.

Kulira kwa udzudzu kunamveka ngati kwakwera. Pulofesa anadikira yankho, akuyang'anabe pansi. Kenako anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Kafungo?"

Mtsikanayo anamanganso mfundo ija bwinobwino, natsitsa dzanja la diresi. Si mmene ankafunira kunenera. Panalibe kuseka, panalibe kunyamulana. Pakhomo paja lalanje linagwa m'dengu n'kugubuduka pamatailosi, ndipo palibe analitola.

"Ndi nkhani imene ndinkati si ya pafoni," anatero.

Kafungo anatembenukira kwa a Dokotala. Anayang'ana mikono yosalala ija, nayang'ana chovala chosamanga mabatani. Kunalibenso kothawira. Bodza la chimfine lija linali litamuthera.

"Nanga inu, a Dokotala, atakufunsani munayankha chiyani?"

Kumwetulira kwa a Dokotala kunali kutachoka. Anavula magalasi, nawapukuta ndi chovala, ndipo popanda magalasiwo ankaoneka wotopa, wamantha, mtsikana ngati iye yemwe.

"Ine anandifunsa mwezi watha," anatero motsitsa. "Ndinakhala chete ngati inu nomwe."

*

"Pulofesa, ndiyang'aneni," anatero Kafungo.

Anamuyang'ana. Thukuta linkatsika m'mphepete mwa makutu, ndipo analibe dzanja lolipukutira.

"Ndi wanu?"

"Kafungo, ndidzakufo..."

"Musayerekeze! Liwu limenelo musalitchulenso. Mwana wa a Dokotalayu ndi wanu?"

"Unali ulendo wa kunja uja. Kamodzi kokha. Tinali titasangalala ndi mphotho, tinamwa, ine sindimwa, ukudziwa iwe. Ndinkafuna kukuuza, koma tsiku lililonse ndikati ndiyambe..."

"Ana anali asanadye."

Pulofesa anawerama.

Kafungo anadabwa kuti sakulira. Anakumbukira diresi la Loweruka, limene telala anali atalidula kale, la mtundu wa thambo. Anakumbukira mmene ankayesezera kuyenda ndi nsapato zazitali m'saluni, achemwali akumuimbira m'manja.

"Ndifunse chimodzi chokha, ndizipita. Loweruka muimika ndani pambali panu?"

A Dokotala nawo anadzutsa mutu. Amayi pakhomo anatchera khutu. Akazi atatu anayang'ana mwamuna mmodzi, katswiri amene anayankha mafunso a anthu ophunzira a m'maiko akutali osaphethira. Iye anayang'ana khola la kumanja, nayang'ana la kumanzere.

Kafungo anatembenuka.

"Kafungo, ima! Usapite chonchi. Ndimakukonda iwe, Mulungu akudziwa."

"Ndiye nditsatireni."

Anafika pachitseko. Anaima, msana uli kwa iye, akumvetsera. Ankangofuna kumva mpando ukugwa. Ankafuna kumva makola akugubuduka, mapazi akuthamanga, manja otupa aja akumugwira paphewa, magazi ndi zonse. Akanamukhululukira. Ndi zimene zinamuchititsa manyazi kwambiri, kuti akanamukhululukira pomwepo.

"Dikira pang'ono," anatero Pulofesa. "Ndikatulutsa mikono panopa ndiwaphwanya. Dikira akhute kaye."

Kafungo anakankha chitseko.

*

Khonde lija linali litatalika. Anayenda akugwira khoma. Kumbuyo kwake kunamveka nsapato, ndipo mtima wake wopusawo unalumphanso, koma zinali nsapato za zidendene, ndipo patsogolo pake panabwera fungo la botolo lobiriwira.

"Mwanawe, taima."

Anaima. Amayiwo anamuzungulira n'kuima patsogolo pake. Sanamuyang'ane kumaso. Anamuyang'ana pamimba, nthawi yaitali, ndi maso omwe aja anasungunuka m'sitolo.

"Miyezi ingati?"

"Si nkhani yanu, amayi."

"Ndi yanga. Magazi a mwana wanga ndi anga." Anatsegula chikwama, natulutsa phukusi lija, kariboni kake kali chimangire mmene anakamangira Kafungo. Anamugwira dzanja n'kumufumbatitsa. "Tenga. A Dokotala ndiwagulira zina. Loweruka aimirira ndi iwowo, zimenezo zinatha kale, mphete ndinakasankha ndekha. Koma iwe uzidya bwino, usamanyamule zolemera, ndipo uchoke m'mafungo muja, si abwino kwa mwana."

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Kwa iwe palibe. Akangosiya kuyamwa, ndidzabwera ndi galimoto. Nyumba yanga ndi yaikulu, awiriwo adzakulira pamodzi, adzaphunzira bwino. Mdzukulu wanga sangakulire kuseri kwa saluni."

Anamusisita paphewa ngati mmene amasisitira mwana wa sukulu amene walephera mayeso koma wayesetsa, natembenuka kubwerera kwa mwana wawo.

Kafungo anatsala pakati pa khonde, dzanja limodzi lili ndi paudala, linalo litaphimba pamimba. Anayang'ana chitseko cha ukonde kumapeto kuja. Sichinatseguke. M'katimo ana a Pulofesa anali akudyabe.